Helikopita imagweranji potera paphiri kukakhala mphepo?

Funso: Wowerenga wina wa ku Phalombe walemba kuti: "Nthawi ya namondwe Freddy tinaona mahelikopita akutera m'mabwalo a mpira popanda vuto. Koma ndinaonera kanema wa helikopita ya asilikali a ku America ikugubuduzika paphiri la ayezi, kumene inapita kukapulumutsa anthu. Si paja helikopita imatha kuima m'malere n'kutsika pang'onopang'ono paliponse? Nanga mphepo ingagwetse bwanji chinthu cholemera matani?"

Yankho: Bambo, kanema amene munaonerayo ayenera kukhala wa paphiri la Mount Hood, m'chigawo cha Oregon ku United States, pa 30 Meyi 2002. Tsiku limenelo anthu 9 okwera phiri anakokerana mumng'alu waukulu wa ayezi, atatu n'kumwalira. Helikopita ya mtundu wa Pave Hawk inaima m'malere pamwamba pawo, pamalo okwera mamita pafupifupi 3,200 kuchokera pa nyanja yamchere, kuti ikweze wovulala mmodzi ndi chingwe. Ili chiimire choncho inayamba kutitimira, mphuno inapotokera kumbali, mapiko anamenya chipale chofewa n'kuduka zidutswazidutswa, thupi la ndege n'kumagubuduzika kutsika mtsetse makamera a wailesi ya kanema akujambula. Msilikali woyang'anira chingwe anachidula ndege isanagwe, ndipo onse amene anali m'katimo anatuluka amoyo.

Munthu akaonera kanemayo amangoti chimphepo chinaikankha. Koma ofufuza a gulu la nkhondo anapeza kuti oyendetsawo anawerengetsa molakwika mphamvu imene ndegeyo inkafunika pamalo okwera chotero, ndipo mphepo imene inkaomba kumaso kwake, yomwe inkaithandiza kuima, inasintha. Inagwa chifukwa mphepo inaichokera. Ngozi zambiri za mtundu umenewu zimayenda motero. Mphepo yamphamvu koma yokhazikika oyendetsa amaikonda ndithu. Imene amaiopa ndi yobwera mwa apo ndi apo, makamaka ikasintha pa nthawi imene injini ilibe mphamvu yotsala ndipo ndege ilibe kothawira.

Mwanena kuti helikopita imatha kuima m'malere. Imathadi, koma kuima kumeneko ndi imodzi mwa ntchito zolemetsa kwambiri zimene injini yake imagwira. Mapiko ozungulira aja amanyamula ndege pokankhira mpweya pansi. Ikaima malo amodzi, mpweya wina umene yaukankha umazungulira kunsonga za mapiko n'kubwereranso pamwamba, ndiye mapiko amakhala akupalasa mpweya wovunduka kale. Ikayamba kupita kutsogolo n'kufika liwiro la makilomita 30 mpaka 45 pa ola, mapiko amakumana ndi mpweya watsopano, ndipo ndege imapepuka. Woyendetsa amaimva ikunjenjemera pang'ono, kenako n'kumakwera yokha asanawonjezere mphamvu. Tsono mapikowo sasiyanitsa ngati ndege ndiyo ikuyenda kapena mphepo ndiyo ikubwera. Mphepo ya makilomita 40 pa ola ikamaomba kumaso, helikopita yoima malo amodzi imapeza phindu lomwelo. Koma mphamvu imeneyo ndi ya katapila: mwini wake amabwera kudzatenga nthawi imene wafuna, osachenjeza. Mphepo ikangoti zii kwa masekondi atatu, kapena ikatembenukira kumbali, injini iyenera kubweza zonse nthawi yomweyo. Pabwalo la mpira ku Phalombe injini imakhala ndi pobwezera. Pamwamba pa phiri nthawi zambiri imakhala itapereka kale zonse.

Chifukwa chake n'chakuti mpweya umapepuka tikamakwera. Pa mamita 3,000, womwe ndi msinkhu wa Sapitwa, umatsala magawo pafupifupi 74 pa 100 aliwonse a umene umapezeka m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo pa mamita 6,000 umangopitirira theka pang'ono. Kukatentha umapepuka kuposa pamenepo. Kupepukaku kumaluma patatu nthawi imodzi: mapiko sapeza chogwira chokwanira, injini imachepekedwa mpweya wootchera mafuta, ndipo kapulopela ka kumchira, kamene kamaletsa thupi la ndege kuzungulira motsutsana ndi mapiko, nakonso kamafooka. Woyendetsa akaona kuti akutitimira, dzanja lake lamanzere limakoka lokha chogwirira chotchedwa collective, chimene chimapendeketsa mapiko onse kuti alume mpweya wambiri. Ngati injini yafika kale pamapeto, kukokako kumangochedwetsa kuzungulira kwa mapiko. Masamu ake apa ndi ankhanza. Mapiko akachepetsa liwiro ndi magawo 10 pa 100, mphamvu yonyamula imatsika ndi magawo pafupifupi 19. Ukakoka watitimira, ukakokanso watitimira kwambiri. Kapulopela ka kumchira kamayendetsedwa ndi makina omwewo, ndiye nakonso kamachedwa, mphuno n'kuyamba kupota. Chopulumutsa ndi chimene mtima umakana kuchita: kutsitsa collective, kuweramitsa mphuno, n'kudziponya kumene kuli phompho kuti liwiro libwerere. Ngati kumene wayang'anako kuli khoma la phiri, palibenso chochita.

Bwalo la mpira limaperekanso china kwaulere. Helikopita ikayandikira nthaka yosalala, pamsinkhu wosapitirira kutambasuka kwa mapiko ake (pa AS350, ndege imene imagwira ntchito zambiri za m'mapiri, ndi mamita pafupifupi 10.7), nthaka imachepetsa kuthamanga kwa mpweya wotsika, injini n'kupumako. Pamsana wopyapyala wa phiri kapena pamtsetse mpweyawo umangotayikira m'mbali. Katundu amene ndege imaima naye bwinobwino pabwalo akhoza kuikanika pansonga ya thanthwe, ngakhale kukwera kwa malo ndi kutentha zitakhala zofanana.

Mphepo ya m'phiri ili ndi khalidwe lake. Ikagunda phiri imakwera mosalala mbali imene yachokera, ndipo mbali imeneyo imanyamula ndege. Ikadumpha msana imasweka. Ina imagwera pansi mwamphamvu, ina imapanga akamvuluvulu, ina imabwerera chokwera kuseri kwa phiri komweko. Pakati pa mpweya wosalala ndi wovundukawo pali malire osaoneka, oyambira pamlomo wa phiri n'kukwera chopendama kulowera kuseri, ndipo mphepo ikakula malirewo amaimirira kwambiri. Woyendetsa wodziwa amatsika ali pamwamba pa malire amenewa n'kukatera pafupi ndi mlomo wa kumene mphepo ikuchokera. Tsono mphepo ikamakula n'kumachepa, malirewo sakhala malo amodzi. Njira imene inali yabwino pozungulira koyamba ikhoza kukhala mumpweya wogwa patangopita mphindi imodzi. Kumeneko kulibenso kansalu kosonyeza mphepo ka pabwalo la ndege. Munthu amawerenga chipale chimene chikuuluka pamsana, mithunzi ya mitambo, udzu ngati ulipo, ndi kusiyana kwa liwiro limene geji ikunena ndi mmene nthaka ikudutsira pansi pake.

Pa glacier nkhani imakulanso. Glacier ndi ayezi wochindikala, wounjikana kwa zaka mazanamazana, amene amayenda pang'onopang'ono kutsika chigwa, ndipo amapanga mphepo yakeyake. Mpweya wokhudza ayezi umazizira, umalemera, n'kumatsetsereka chotsika, pamene masana mpweya wofunda wa m'chigwa umakhala ukukwera pamwamba pake. Ndege ikhoza kuyamba kutsika mphepo ili kumaso, pofika mamita omalizira n'kuipeza ili kumsana. Mphepo ya kumsana imanyenga: nthaka imaoneka ikuthamanga, woyendetsa n'kumachepetsabe liwiro osadziwa kuti mumpweya waima kale. Helikopita ikamatsika mamita opitirira 1.5 pa sekondi ilibe liwiro lopita kutsogolo, imatha kumira mumpweya umene yokha yaukankhira pansi. Oyendetsa amati vortex ring. Ikalowa mmenemo, kungowonjezera mphamvu kumaipitsa zinthu. Kutulukamo kumafuna kuthawira kutsogolo kapena kumbali, ndipo zonsezo zimafuna mpata umene pafupi ndi nthaka supezeka.

Komabe mutandifunsa chimene ndimachiopa kwambiri pa ayezi, sindingayambe ndi mphepo. Ndingayambe ndi maso. Helikopita siima yokha. Woyendetsa amaiwongola mosalekeza poyang'ana chinthu chokhazikika panja, kaya mwala, chitsamba kapena chizimezime. Kukachita mitambo pamwamba pa chipale chofewa, kuwala kumabwera mofanana mbali zonse ndipo mithunzi imazimirira. Munthu amaona kutali bwinobwino, mapiri akuda ali apo, koma sangadziwe ngati pansi pake pali mamita 3 kapena 30, kapena ngati kutsogoloko kukukwera. Pa 10 Sepitembala 1999 helikopita yonyamula alendo inagunda chipale m'dera la ayezi la Juneau Icefield ku Alaska, ku America, m'kuwala kotere. Ina ya kampani yomweyo inapita kukaifunafuna, nayonso inagwa, yachitatu chimodzimodzi. Ndege zitatu tsiku limodzi m'dera limodzi, ndipo mwamwayi palibe anafa. Ku Fox Glacier ku New Zealand mwayi wotero sunapezeke. Pa 21 Novembala 2015 AS350 inatera pachipale cha pamwamba ndi alendo 6, anayi a ku Britain ndi awiri a ku Australia, ndipo itanyamukapo inakagwera pakati pa ming'alu, onse 7 n'kufa. Bungwe la TAIC, lofufuza ngozi m'dzikolo, linapeza kuti nyengo sinali yoyenera ulendo wotere, kuti n'zotheka kwambiri kuti woyendetsa anasokonezeka ndi mitambo, chipale chogwa ndi kuwala kopanda mithunzi, komanso kuti ndegeyo iyenera kuti inalemera kupitirira muyezo.

Khungu lachiwiri ndege imadzipangira yokha. Ikafika mamita ochepa kuchokera pansi, mphepo ya mapiko imatukula chipale. Mtambo woyera umayambira kumchira, umadutsa pazitseko, kenako n'kutseka galasi lakutsogolo. Mphepo yokhazikika ya kumaso imausiya mtambowo kumbuyo, koma ikangoduka mtambo umakupeza, ndipo imakhala nthawi yomweyo imene mapiko ataya thandizo lija. Mavuto awiri pa sekondi imodzi. M'kati mwa mtambomo thupi limanama: ndege ikhoza kumasendera kumbuyo kapena kumbali woyendetsa akumva kuti waima nji. Pa 27 Malichi 2021, pafupi ndi Knik Glacier ku Alaska, ngozi yotere inapha Petr Kellner, mpondamatiki wa ku Czech Republic, ndi anthu ena anayi. Malinga ndi munthu mmodzi yekha amene anapulumuka, woyendetsa anayesa kutera pamsana wa phiri, n'kunyamukanso kuti ayese kachiwiri. Ulendo wachiwiriwo ndege inaphimbidwa ndi zoyera zokhazokha, inagunda miyala ya pamsanapo, n'kugubuduzika mamita oposa 200. Bungwe la NTSB, lofufuza ngozi ku America, linati chifukwa chachikulu chinali kulephera kwa woyendetsa kuchitapo kanthu moyenera ataphimbidwa. Wopulumukayo anakhala wopanikizika m'zitsulo maola opitirira 5, chifukwa amene ankayenera kulondola ulendowo anachedwa kuitanitsa thandizo, ndipo zala zake zina zinafa ndi chisanu mpaka kudulidwa.

Musaganize kuti zimenezi n'za kumaiko ozizira okha. Fumbi la mu Okutobala limachita ndendende zimene chipale chimachita, ndipo limabwera limodzi ndi kutentha kumene kumafooketsa injini. N'chifukwa chake okonza malo oterapo ndege amawaza madzi, amachotsa mapepala, zitenje, matenti ndi malata osakhomera, n'kuthamangitsira khamu la anthu kutali.

Tinene kuti miyendo yakhudza pansi. Apa okwera amayamba kumasula malamba, pamene woyendetsa ali pakati pa ntchito. Helikopita ndi yaitali msinkhu, injini ndi magiya zili pamwamba, miyendo ndi yoyandikana. Mwendo umodzi ukakodwa, kaya pamwala, pachitsa, kapena utaboola chipale chouma cha pamwamba, ndege n'kukhala ikusendera kumbali mapiko akunyamulabe, mwendo wokodwawo umasanduka pozungulirira. Mphamvu imene inkakweza ndege imayamba kuikokera cham'mbali. Bungwe la FAA, loyang'anira za ndege ku America, limaphunzitsa kuti ikapendama madigiri 5 mpaka 8 okha m'njira imeneyi, ndodo yowongolera ikhoza kulephera kuibweza, ndipo zonse zimatha m'kuphethira kwa diso. Mankhwala ake ndi amodzi, kutsitsa collective kuti kulemera kwa ndege kuikhazike pansi. Potera pamtsetse woyendetsa amayamba wagunditsa mwendo wa kumtunda wokha, kenako n'kumatsitsa wa kumunsi pang'onopang'ono, ndipo pa masekondi amenewo ndege imakhala itaima ndi mwendo umodzi. Apa pokha m'pamene tinganene kuti mphepo yakankhadi helikopita, ndipo sifunika kukhala yaikulu.

Ayezi amawonjezera misampha yake. Ming'alu yozama mamita makumi angapo imakutidwa ndi chipale chopyapyala moti pamwamba pamaoneka pabwino. Kumbuyo kwa miyendo kukatitimira, kapulopela ka kumchira kamamenya chipale. Ndege za kumeneko amaziveka timbale tophwatalala kumbuyo kwa miyendo, ndipo woyendetsa akatera sathamangira kuchepetsa mphamvu. Amaigwedeza pang'ono, kumvetsera ngati pansi pagwira, ali wokonzeka kunyamukanso. Ndipo kusiyana kwakukulu kwa phiri ndi bwalo kuli pa zimene zimatsatira. Helikopita ikagudubuka pabwalo imagona pomwepo, nthawi zambiri anthu n'kutuluka ndi mabala. Pa 2 Epulo 2024 ina inafika pamalo oterapo ndege pansonga ya phiri la Petit Combin ku Switzerland n'kutsetserekera kumtsetse wa kumpoto. Mwa anthu 6, atatu anafa.

Pamenepa ndiikepo mawu kwa aliyense amene angadzakwere kapena kulandira helikopita pamalo osalingana. Musayandikire woyendetsa asanakukodoleni, ndipo bwerani cha kutsogolo kumene akukuonani, osati kumchira. Pamtsetse lowani ndi kutuluka cha kumunsi, chifukwa cha kumtunda nthaka imakukwezerani mutu kumapiko. Nthawi yoipa kwambiri ndi pamene injini ikuzima kapena ikuyamba: mapiko akamazungulira pang'onopang'ono amakhala ofewa, ndipo chimphepo chikhoza kupinda nsonga ya limodzi mpaka kufika pamsinkhu wa munthu.

Nanga amene amatera m'malo otere tsiku ndi tsiku osagwa amatani? Ntchito yambiri amaimaliza asanayambe kutsika. Amazungulira pamwamba kuona malo, kenako amadutsa chapansi pang'onopang'ono, maso ali pageji, kuona mphamvu imene injini ikudya ndi imene yatsala. Amabwera chopingasa msana, osati molunjika khoma, kuti phompho likhale pambali pokhotera. Amadziikira malire mumtima, akuti ndikafika pamwala uwo zinthu zisanakhazikike ndikubwerera. Pachipale amatera pafupi ndi chinthu chakuda, mwala, mtengo wozikidwa wokhala ndi kansalu, kapena wotsogolera alendo atagwada pambali pa katundu, pafupi kwambiri moti mtambo ukabwera chinthucho chimaonekabe pagalasi la kuphazi. Ndipo saima m'malere kudikira mtambo uwapeze. Amatsika mosadukiza mpaka miyendo igunde.

Pamene ine ndimaumira mtima ndi pa kuyesa kachiwiri. Malo akakukana koyamba amakhala akuuza kanthu. Kubwerera njira yomweyo ndi katundu yemweyo, poyembekezera kuti mwina mphepo ikhala bwino ulendo uno, si luso ayi, n'kuyesa mwayi ndi miyoyo ya anthu ena. Chimene chimakankha oyendetsa ndimachimvetsa. Kumbuyo kwakhala alendo amene alipira ndalama zambiri, kapena pansi pali munthu akukha magazi anzake akukupiza manja. Kunena kuti sinditera pa nthawi imeneyo n'kovuta kuposa kuterako, ndipo bwana amene amakalipira woyendetsa wobwerera osatera ali ndi mbali yake pa ngozi yotsatira. Kuyesanso kumakhala ndi nzeru pokhapokha chinthu china chasintha: wasintha mbali yobwerera, wasankha malo ena chapansi, kapena wapepukitsa ndege.

Mwa zonsezi, kulemera ndiko kuli m'manja mwa munthu. Msinkhu wa phiri, kutentha ndi mphepo sangazisinthe, koma kilogalamu iliyonse imene yatsala pansi imasanduka mphamvu yosungira pamwamba. N'chifukwa chake opulumutsa anthu m'mapiri aatali amatsitsa anzawo ndi zipangizo pamalo a m'munsi, n'kukwera ndi mafuta ochepa ongokwanira ulendowo. Mu Meyi 1996, Madan Khatri Chhetri wa gulu la nkhondo la Nepal anakatenga okwera phiri awiri, Beck Weathers ndi Makalu Gau, pamwamba pa mtsetse wa ayezi wa Khumbu Icefall paphiri la Everest, pamalo okwera mamita pafupifupi 6,000. Onse awiri anali atavulala kwambiri ndi chisanu, koma sanawanyamule limodzi. Anayamba ndi Gau, kukamusiya kumunsi, n'kubwerera kudzatenga Weathers. Woyendetsa wina, Didier Delsalle, amene anaika miyendo ya AS350 B3 pansonga penipeni pa Everest pa 14 Meyi 2005, anali yekha m'ndegemo, ndipo mipando ya okwera anali ataichotsa asananyamuke.